Khasu la a Timóteo

A Timóteo amakhala okha m'kanyumba ka m'mbali mwa mtsinje, kufupi ndi Lifidzi. Amalima mbatatesi ndi nyemba, koma anthu amawadziwa ndi ntchito ina: chiyambire unyamata wawo ndi mdzukulu, wokumba manda pakagwa maliro.

Mudzi wawo kale unali umodzi. Kumtunda kunali mabanja a Angoni, kumunsi kunali obadwa kwa anthu amene makolo a Angoniwo anawagwira pankhondo. Ankapemphera m'kapela imodzi, ankakwatirana ndithu. Koma chinthu chimodzi chinakanirira. Maliro akagwa kumtunda, akumunsi ndiwo ankakumba. Akagwa kumunsi, akumtunda ankangobwera kudzakhala pamthunzi.

Chaka china anyamata akumunsi anati zakwana, nawonso azitikumbira. Mkulu wina wa kumtunda, mowa uli m'mutu, anayankha pagulu kuti, "Zinayamba liti kuti munthu azikumbira kapolo wake?"

Mawu amenewo anali asanamveke poyera kwa zaka zambiri. Akumunsi anatulutsa mabenchi awo m'kapela n'kukamanga yawo tsidya lina. Manda anawadula pakati ndi mpanda wa khonje. Anthu anamenyana ndi mipini, nkhokwe zinapsa, mnyamata wina mpaka lero amatsimphina. A padiri anayesa kuwayanjanitsa, koma zinakanika.

A Timóteo anali akumunsi, koma akazi awo, a Serafina, anali mwana wa kumtunda. A Timóteo anapitiriza kukumba uku ndi uku. Ankati mtembo sungadikire kuti anthu agwirizane. Akwawo ankawanena kuti ukapolo unawakomera. Akumtunda ankalandira mandawo, moni osawapatsa. Ana awo anatopa nazo, anapita ku Tete.

A Serafina anamwalira nyengo yozizira. Mwambo wa kuno suloleza mwamuna kukumbira mkazi wake, kapena m'bale kukumbira m'bale; amakumba ndi anthu apadera. A Timóteo anatumiza uthenga mbali zonse ziwiri, n'kuyala makasu pakhomo. Akumunsi anati malemuwo ngakumtunda. Akumtunda anati anatsika okha, ndipo ife kukumba si ntchito yathu. Dzuwa linafika pamutu makasu ali chigonere. M'nyumba munali amayi ochepa, nyimbo zawo zikumveka motsitsa.

Kenaka a Timóteo anatola khasu limodzi n'kupita kumanda. Poti mbali zonse zinali zitawakana akazi awo, anazula khonje wa pampanda n'kuyamba kukumba pomwepo.

Atakumba kufika m'mawondo anaona mapazi a munthu pamwamba pa dzenje. Anali a Alberto, mchimwene wa a Serafina, amene anali atasiya kuwalankhula kuyambira tsiku la mabenchi lija.

"Alamu, zimene mukuchitazi n'zosaloledwa."

"Ndikudziwa. Mwabwera naye wina wololedwa?"

A Alberto anayang'ana kumtunda, anayang'ana kumunsi, kenaka anavula kazako wawo, jekete la kumaliro, n'kulikoleka pakhonje.

"Tabweretsani khasulo. Mukupalasa ngati nkhuku."

"Inu khasu la kumanda munaligwirapo? Mudzidula chala."

"Ndiye ndionetseni, m'malo moyankhula."

Anakumba mosinthana, mwamuna wa malemuwo ndi mchimwene wa malemuwo, onse oletsedwa. Anthu ankaonera patali, awa mbali yawo, awo mbali yawo. Palibe anasendera. Dzuwa likupendeka a Serafina anaikidwa.

Midzi ija sinayanjane. A Alberto anamwalira chaka chotsatira, ndipo manda awo anakumba ndi a Timóteo.

Masiku ano a Timóteo msana unawerama, sakumbanso. Lamulungu amakhala kumbuyo kwenikweni m'kapela, sabata ino ya kumunsi, sabata inayo ya kumtunda. Misa ikatha amapita kukasesa pamanda a akazi awo. Pambali pake anazulapo khonje wina, malo okwana munthu mmodzi, ndipo mvula ikagwa amalambulapo udzu.

Amene adzakumbe pamenepo sakumudziwa. Khasu lija salilowetsa m'nyumba. Amalitsamiritsa panja, pakhoma loyang'ana kunjira, pamene aliyense wodutsa angalione.