Nyumba Yomalizira Kumunsi

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene bambo anatichotsa ku Phalombe kudzalima fodya pa esiteti ina kufupi ndi Santhe. Malo okwera anali a zigafa. Ife matenanti anatiloza kumtsetse wotsikira kudambo, ndipo poti tinafika mochedwa, nyumba yathu yadothi inali yomalizira kumunsi.

Mvula ikayamba, banja lililonse linkakumba kangalande kuseri kwa nyumba yake, n'kukalozetsa kwa mnzake wakumunsi. Sikunali kuipa mtima, ndi mmene onse ankachitira. Madzi onsewo, ofiira, onunkha zitosi za nkhuku, ankathera pakhoma pathu.

Tsiku lina bambo anapita kwa a Gondwe, a nyumba yakumtunda, ine ndili pambuyo ndi khasu.

"Achimwene, bwanji tonse tikumbe ngalande imodzi yaikulu, ikatulukire kudambo?"

A Gondwe anaseka. "Inu alendo, chaka chamawa mudzakhala muli pompano? Ndikumbire mwini esiteti ine? Kwanga n'koumatu."

Ena anati fodya akudikira kupalira. Bambo anayamba okha, ine ndikuwola dothi mpaka m'manja munatuluka matuza. Ngalandeyo sinafike patali. Mvula itakhwima, khoma lakumbuyo linafewa, ndipo linagwa masana tili kumunda, n'kukwirira chimanga chathu chonse chaphoso. Mayi analira. Bambo anangoti, "Mwanawe, madzi sawatchinga munthu mmodzi."

Lero ndakalamba, mkazi wanga anatsogola. Mvula ya masiku ano imachedwa, koma ikabwera imakhuthuka ngati yakwiya. Pa Santhe masitolo achuluka, aliyense akukweza khonde lake ndi simenti, madzi n'kumathamangira kwa amayi ogulitsa tomato pansi.

Mwana wanga wamkazi amakhala m'tauni ina ya m'mphepete mwa nyanja. Akuti nyanja yakwera, eni malo ogona alendo amanga makoma amiyala, ndipo mafunde akhotera kumene iye akulera ana ake atatu. Za mapulani a ngalande ndi kubzala mitengo amangozimva pamisonkhano.

Posachedwa anandiimbira foni. "Ababa, madzi afika pakhonde. Tisamuke?"

Ndinamufunsa kuti asamukira kuti.

Sindiweruza munthu, woweruza alipo. Koma ndazindikira kuti anthu sagwirizana pa nkhani ya madzi mpaka atalowa m'nyumba ya wamphamvu, ndipo pofika pamenepo za osauka zimakhala zitagwa kale. Mwanayo ndimamupempherera m'mawa uliwonse. Kumuuza kuti zikhala bwino ndiye ndalephera.