Chulu cha Apongozi

Chiswe ndinachidziwa mochedwa, imvi zili mbuu, ndipo ndinachidziwa nditawononga kale chinthu cha mwini. Zaka zonse zimene ndinagwira ntchito ya ukalaliki m'tauni ya Chipata tinkakhala nyumba ya lendi ku Nabvutika, ndipo kwa ine chiswe chinali chiswe basi. Chikadya chitseko, imeneyo inali nkhani ya mwini nyumba.

Nditapuma ntchito tinasamukira kumudzi kwa mkazi wanga ku Kasenengwa. Malo omangapo anatipatsa apongozi anga, amayi ake a mkazi wanga, amene panthawiyo anali atafedwa kale mwamuna. Kuseri kwa malowo, pamtunda woti mwala ukhoza kufika, panali chulu chawo, chachitali kuposa munthu. Ndikuti chawo chifukwa kumeneko chulu chotulutsa inswa, zija ena amati ngumbi, chimakhala ndi mwini wake, ndipo kukatola inswa pa chulu cha wina n'chimodzimodzi kuba nkhuku. Ichi anawasiyira ndi amayi awo.

Mvula yoyamba ikagwa, apongozi ankasesa mbali imodzi ya chulucho, kukumba kadzenje, kuikamo mphika, kukhoma timitengo n'kufolera udzu pamwamba. Inswa zikatuluka zinkagwera mumphikamo. Kukacha ankabwera ndi lichero lodzaza, kukazinga, kupeta mapiko, kenako mbale zinkayamba kuyenda nyumba ndi nyumba. Mbale yoyamba inali ya mkamwini, ndiye kuti ine. Ngakhale tili ku Nabvutika gawo langa linkafika m'kachitini pa minibasi. Munda wawo unali waung'ono, ng'ombe analibe, koma nyengo ya inswa mudzi wonse unkalandira kuchokera m'manja mwawo.

Ine ndi apongozi sitinkalankhulana maso ndi maso. Tikakumana panjira iwo ankapatukira muudzu n'kunjuta, ine n'kuvula chipewa ndikuyang'ana kumbali. Mawu onse ankadutsa mwa mkazi wanga. Ndipo mkazi wangayo, podziwa kuti ndine wa mtima wapachala, ankayamba wawasefa asanandipatsire.

Nyumba ndinamanga ya njerwa zowotcha, pansi simenti, pamwamba malata. Matabwa a denga ndinawapeza m'tauni, pamene ankagwetsa sitolo ina yakalekale. Anali akuda, olemera, ndipo ndinawakweza pa lole ndikudzitama. Aliyense wobwera kudzaona nyumba ndinkamuuza kuti ayang'ane kumwamba, aone matabwa enieni, osati zamasiku ano zimene zimapindika ndi dzuwa limodzi.

Chaka chachitatu mkazi wanga anayamba kudandaula kuti m'mawa uliwonse akupeza timbewu pa tebulo ndi pa neti, tating'ono ngati chitowe. Akasesa, mawa lake tabweranso. Ndinakwera pa makwerero, n'kugogoda thabwa limodzi. Linalira ngati ng'oma. Nditabaya ndi msomali, msomali unangolowa wonse, ndipo m'kati munali tizilombo totuwa tikuyenda mwaulesi. Chiswe! Ndinatsika, n'kutuluka panja, maso anga n'kugwera pa chulu. Mlandu ndinauweruzira pomwepo.

"Amayi a ana, kawauzeni amayi kuti chulu chawo chikundidyera nyumba," ndinatero.

Mkazi wanga anapita. Posakhalitsa anabwerera ndi kambale, akuti apongozi apempha kuti aone tizilomboto. Ndinagogodera pang'ono m'kambalemo, ndili ndi mkwiyo kale. Atabwera kachiwiri anakhala pansi, n'kuyamba kukonza chitenje chimene chinali bwinobwino.

"Amayi akuti mwina muyambe mwafufuza bwino."

"Kufufuza chiyani? Chiswe chili m'denga, chulu chili kuseri kwa nyumba. Mukufuna ndiitane wofufuza milandu? Kawauzeni kuti pano pakhala chimodzi, chulu kapena nyumba."

Yankho linabwera lalifupi: "Nyumba ndi yawo." Ine ndinalitenga ngati chilolezo. Munthu wokulira m'mudzimo akanadziwa kuti mayi wachikulire akayankha mkamwini choncho sanavomere ayi, wangosowa pokanira. Sakanatha kuuza munthu amene wamangira mwana wawo nyumba ya malata kuti wanama. Koma ine ndinali nditazolowera ku ofesi, kumene pepala likasainidwa nkhani yatha.

Ndinaitana amuna atatu a mudzi woyandikana nawo, chifukwa a m'mudzi mwathu aliyense anapeza chifukwa. Wina msana, wina maliro. Icho chokha chikanandiuza kanthu. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndipo anakumba masiku anayi ndi mapiki. Chulu n'cholimba, abale! Atafika m'kati munatuluka agang'a, asilikali a chiswe aja amitu ikuluikulu yofiira, n'kuyamba kuwaluma m'miyendo mpaka magazi. Ndinaona ndithu kuti sakufanana ndi tizilombo totuwa ta m'denga mwanga. Ndinadziuza kuti awa ndi akuluakulu ake, a m'dengawo ndi ana.

Tsiku lachinayi anapeza manthu, mayi wa chiswe chonsecho, ali m'kachipinda kadothi kolimba. Anali woyera, wonenepa, wautali ngati chala, ndipo sankatha n'kuyenda komwe. Anandipatsira pa fosholo ngati mphatso. Ndinamuponyera nkhuku, m'dzenjemo n'kuthiramo mankhwala ogula ku tauni. Masiku anayi onsewo apongozi ankalawirira kudimba n'kubwera dzuwa litapendeka, podzera njira ya kuseri kwa tchalitchi, imene ndi yozungulira.

Patapita sabata, mkazi wanga anandiitana m'mawa n'kungoloza pa tebulo. Timbewu tija tinali pomwepo. Ndinati n'totsalira. Sabata ina tinachuluka.

Ndinaitanitsa kalipentala wa ku Nabvutika amene tinkadziwana kuyambira kale, kuti adzasinthe matabwa owonongekawo. Ndi munthu wa nthabwala, wosaopa kuseka kasitomala. Asanakwere m'denga anazungulira nyumba yonse akuyang'ana makoma, kunja ndi m'kati, mpaka kuseri kwa kabati. Kenako anaona dzenje lija.

"Apa munakumba chiyani, mdala?"

"Chulu. Ndicho chimandidyera denga."

"Chinakwera bwanji? Chinalumpha?"

Ndinamuyang'ana moipa, koma iye anapitiriza. Anati chiswe cha pachulu sichiyenda poyera. Kulikonse kumene chikupita chimamata dothi pamwamba pake, lofiira, lotambalala, ndipo chimakonda mapesi, udzu wofolera, mpanda wa bango ndi nsichi zozikidwa pansi. M'nyumba chimatha kulowa ndithu, iye sanakane, koma chikalowa msewu wake umaoneka ndi mwana yemwe. "Nanga dothi lili kuti pa khoma lanuli? Ndisonyezeni ngakhale pamodzi." Makoma anali oyera, laimu wake osadetsedwa.

Anati palinso china chaching'ono chimene sichiumba chulu. Chimakhala pansi panthaka, n'kulowera pamng'alu wa simenti, n'kukwera ndi kamzere kadothi kowonda ngati udzu umodzi. Chimenecho chimayambira m'munsi mwa felemu ya chitseko, kudya m'kati monse n'kusiya penti yokha, moti umadziwa tsiku limene chitseko chakugwera. Anagogoda mafelemu anga onse. Anali olimba.

Kenako anatola timbewu ta pa tebulo, n'kutiika pachikhatho changa. "Ichi n'chachitatu. Ichi dothi sichilifuna, madzi sichiwafuna. Chimabadwira m'thabwa louma, kudyera momwemo, kufera momwemo. Timbewuti ndi chimbudzi chake, chimatayira panja pa timabowo tonga ta singano. Chokha sichipita patali. Chimayenda ndi mipando yakale, makabati, matabwa ogwetsa ku nyumba zina." Anayang'ana kumwamba. "Matabwa awa munawatenga kuti?"



"Kusitolo ija anagwetsa m'tauni," anatero mkazi wanga ali pakhomo.

Kalipentala anaseka mpaka kukhala pansi. "Ndiye chiswe chanu munachikweza nokha pa lole, mdala! Chinabwera chitakhala bwinobwino ngati bwana."

Sindinaseke. Atapita, ndinamufunsa mkazi wanga kuti tsiku la kambale lija amayi ananena chiyani kwenikweni. Ananena mawu awo onse. Akuti apongozi anayang'ana m'kambalemo, n'kutakasa ndi kamtengo, n'kunena kuti: "Kawauzeni atate kuti ichi si chiswe changa. Changa chili ndi agang'a amitu yofiira, ndipo sichiyenda popanda dothi. Ichi kuno sindinachionepo, n'chobwera."

Ndinapsa mtima. "Nanga bwanji simunandiuze choncho?"

"Mukanamva, inu? Mukanati amayi akukutukwanirani matabwa anu."

Ndinafuna kukana, koma zinali zoona. Ndikanatero kumene.

Ndinachita manyazi, ndipo manyazi a munthu wamkulu ndi oipa chifukwa alibe kokabisala. Ndinatumiza tambala kwa apongozi kudzera mwa mkazi wanga, ndi mawu opepesa. Tambala analandira. Yankho linali lakuti, "Palibe mlandu." Ndikanakonda akananditukwana. Ndinafunsa kalipentala uja ngati chulu chimadzukanso, iye anati manthu akafa n'kuthirapo mankhwala, pamenepo patha. Ndinakwirira dzenjelo ndekha ndi wilibala, koma dothi linatitimira, ndipo mvula itabwera panasanduka chithaphwi cha achule.

Matabwa tinasintha ena, amene anali atafooka kwambiri, otsalawo n'kuwapaka oyilo wakuda wa galimoto. Kalipentala anandichenjeza kuti oyilo safika m'kati, ndipo tsiku lina denga lonse lidzafunika kutsika. Ndinati ndamva.

Mvula yoyamba inagwa kumapeto kwa Novembala. M'mawa mwake mudzi wonse unali fungo la inswa zokazinga, kuchokera pa zulu za anthu ena. Ndinakhala pakhonde ndikuyang'ana njira. Mbale zinkayenda monga mwa chaka chilichonse, koma palibe imene inatuluka m'nyumba ya apongozi. Ndinaona mayi wina woyandikana nawo akulowa kumeneko ndi kakapu kapulasitiki, atakaphimba ndi tsamba. Munthu amene ankagawira mudzi wonse tsopano akulandira za m'kapu. Ndinalowa m'nyumba.

Dzuwa litakwera ndinamva "Odi" wapansipansi. Anali apongozi okha, osati mkazi wanga. Chimangire nyumbayo anali asanafikepo pakhomo ine ndilipo. Ananjuta patali ndi chitseko, nkhope atalozetsa ku mpanda, n'kuika kambale pansi, kaja ndinagogoderamo chiswe. Munali inswa zosadzaza n'dzanja lomwe.

"Atate, gawo lanu. Chaka chino zachepa."

Ndinawomba m'manja. Iwo ananyamuka pang'onopang'ono, atagwira bondo, n'kubwerera kwawo.

Ndinafuna kubweza, koma mkazi wanga anandigwira mkono. Anati kakapu kaja anakagawa pawiri, ndipo kubweza kukhala chipongwe chachiwiri. Choncho ndinakhala pa tebulo n'kuyamba kudya, imodziimodzi. Zinali zokazinga bwino, mchere wake wokwanira, monga mwa zaka zonse. Ndili pakati pa kudya, timbewu tiwiri tinagwa kuchokera kudenga n'kugwera m'kambalemo. Ndinatichotsa ndi chala n'kumaliza zotsalazo.