Chigubu cha Ba Rhodah ku Kundalila

Mukafunsa za Ba Rhodah Sakala mu Kabwata, aliyense akulozerani nyumba ya migolo pakhomo. Mayi amenewa akalamba akuchapira zovala anthu a ku Woodlands ndi ku Kabulonga, ndipo madzi amawapatsa ulemu woposa wa mlendo. Madzi otsukuluzira zovala ankakolopera m'nyumba, okolopera ankathirira masamba kuseri. Mdzukulu akasiya mpopi ukudontha, ankamva mawu oti sadzawaiwala mpaka kukwatiwa. Musawaseke. Amene anali mu Lusaka chaka cha chilala chija, magetsi akungozima, mipopi ikutulutsa mphepo yokhayokha, akudziwa kuti khalidweli silinangogwa kumwamba.

Kenako maso awo anayamba kuchita nkhungu. Dokotala sanawabisire: mitsempha ikufa, choncho chimene akufuna kuona achione msanga. Mwana wawo Winifred atawafunsa, anatchula mathithi a Kundalila, kumapiri a ku Serenje. Malemu amuna awo ankawatamanda mathithiwo mpaka kutopetsa makutu, Ba Rhodah n'kumati ndi bodza la amuna, pakuti madzi otere sangakhale opanda mwini.

Anapita dzinja lili pakati. Mvula inawachingamira pamsewu, udzu uli tho ndi madzi, timitsinje tikudutsa paliponse. Koma Ba Rhodah anatsika m'galimoto atakumbatira chigubu cha madzi a ku Kabwata.

"Ba mami, siyani chigubu mu motoka," anatero Winifred. "Kuno manzi yali paliponse."

"Iwe, munthu sayenda alibe manzi. Nanga ngati yasila kwamene tiyenda?"

Ba Reuben, bambo woperekeza alendo kumeneko, anangoyang'ana kumbali kuti aseke bwino. Anayenda m'nkhalango, mvula itakula n'kubisala m'kaphanga, chigubu chili pamiyendo ngati khanda. Itakata, anafika pamene njira imatsikira kuphompho. Inali yoterera, ndipo pansi pankamveka mkokomo wogwedeza chifuwa. Nkhungu nayo inali itayamba kutsika m'mapiri.

"Mayo," anatero Ba Reuben, "apa pafunika manja yonse yabili. Musankhe, chigubu olo mathithi."

Ba Rhodah anaima nthawi yaitali. Ankadziwa kuti akabwerera pamenepo, dzinja lina lidzawapeza mumdima. Komabe kusiya madzi patchire kunawapweteka mumtima, zoona zake. Pomaliza anaika chigubucho kuseri kwa mwala, n'kuchifunditsa masamba kuti akuba asachione. Anatsika chokhala pansi, akugwira mizu ndi manja onse, chitenge chawo chakutchalitchi chitasanduka matope.

Atafika pansi anakweza mutu. Maso amene anali atalephera kulowetsa ulusi pasingano anaona bwinobwino, chifukwa chinthucho chinali chachikulu moti sichikanabisika. Mtsinje wathunthu unkagwa kuchokera kumwamba kwa thanthwe lakuda, woyera mbuu, n'kusweka pamiyala, utsi wake ukukwera mpaka kunsonga za mitengo. Nthaka inkanjenjemera kumapazi. Madontho ankawamenya kumaso, iwo osaphethira n'komwe. Anagwidwa ndi mantha, mantha aja amene munthu safuna kuti amuchoke, ndipo anapezeka atagwada pamwala wonyowa.

Patapita nthawi anakoka dzanja la Winifred n'kumufunsa kukhutu, "Nanga bamatseka nthawi bwanji?"

"Sibatseka, mami. Usiku na muzuba ni so chabe, kuchokela kalekale."

Ba Rhodah analira. Zaka zonse zija akudzuka m'mamawa kudikira dontho, madzi awa anali akugwa, osafunsa za munthu aliyense.

"Batate bako sibananame," anatero.

Pokwera sanakumbuke chigubu, ndipo mwina chikadali kuseri kwa mwala uja.

Lero maso awo anazimiratu. Migolo ikadali pakhomo, ndipo madzi otsukuluzira amakoloperabe. Koma tsiku lina m'mawa, madzi atabwera, mdzukulu wawo Becky anapeza mpopi wapanja uli chitsegulire, beseni litasefukira, agogo ake ataima pambali nkhope itayang'ana kumwamba. Mwanayo anathamanga kuti akatseke, koma Winifred anamugwira dzanja.

"Basiye pang'ono," ananong'oneza. "Bali kuona."