Ulusi pa Miyendo ya Kameta

Chaka chimene chitopa chinasesa nkhuku kwathu kuno kuseri kwa Nsaru, pakhomo pathu panatsala imodzi yokha. Imodzi! M'mudzi monse munali zii, m'mawa osamva tambala, anthu kumadzuka mochedwa n'kumanamizira mitambo. Yotsalayo inali thadzi la amayi, la kameta, zija zopanda nthenga m'khosi. Kuyipa kwake ndiye musanene. Koma ukaligenda, ngakhale ndi chitsononkho, amayi sakuyankhula tsiku lonse.

Nkhani yake ndi iyi. Amayi kwawo ndi ku Kabudula, kuno anabwera ku chitengwa. Tsiku lonyamuka, amayi awo anawapatsa kamsoti ka kameta, ndipo kuyambira pamenepo kameta sanathepo pakhomo pathu, uyu kuswa uyu, uyo kuswa winanso. Agogowo anamwalira ine ndili wamng'ono, nyumba yawo inagwa, pamalopo anthu analimapo soya. Chimene amayi anatsala nacho cha amayi awo chinali mbewu ya nkhuku imeneyi basi.

Mwamwayi tambala wathu anafa atalikwera kale, ndiye thadzi lija linaikira, n'kufungatira bwinobwino m'khitchini. Tonse tikudikira. Tsiku lina m'mawa tikudzuka, nthenga zokhazokha kuseri kwa khitchini mpaka kumunda. Vumbwe. Mazira ali pachisa okhaokha. Amayi sanalire ayi, anangokhala pansi pakhonde n'kumayang'ana nthengazo.

Ine ndinatola dzira limodzi, lofundabe pang'ono, n'kuliika kukhutu. Abale anga! Mkati muli kakuti tsiyo, tsiyo. Ndinakuwa ngati ndalumidwa ndi mavu.

Muyenera kudziwa kuti ine zonse ndimaphunzira pa foni. Kumeta, kukonza tochi, kumezanitsa mango, zonse. Ndiye ndinathamangira pachulu cha kuseri kwa nyumba, pokhapo pamene netiweki imagwira. Mavidiyo ambiri anali a anthu a makina amagetsi, ife magetsi tiwaone kuti? Koma ndinapeza ina ya mayi wina amene anafunditsa mazira ndi mabotolo a madzi otentha. Basi! Ndinatenga katoni, pansi ndinayala chiguduli chija timamangira fodya, mabotolo ndinawakulunga m'masokosi, pambali kansalu konyowa. Botolo lililonse ndinkayamba ndaliyesa patsaya, likazizira n'kusintha madzi.

Abambo anabwera kudzasuzumira, kapu yawo ya tiyi ili m'manja.

"Taonani dokotala wa pa foni. Kodi iwe, bwanji osangokhalapo wekha pa mazirapo?"

"Akanakhala kuti sasweka ndikanakhalapo, bambo."

"Heee. Ukamaliza utiswerekonso mbuzi."

Mawa lake anapiye anayamba kugogoda m'mazira muja. Foni inati osawathandiza, aboole okha, ndiye ine manja ndinachita kuwakhalira. Kutuluka woyamba, wonyowa ngati wagwa m'chitsime, khosi la nthenga. Wachiwiri, nthenga. Wina, nthenga. Mazira ena sanaswe n'komwe. Amayi ankangoti "zikomo, zikomo," koma maso awo ndinkawaona akufufuza m'makosi. Dzira lomaliza linatenga nthawi, ine mpaka thukuta. Kenaka chigoba chinatseguka, ndipo kanatuluka kanthu kakang'ono kuposa onse, khosi lofiira, lopanda kanthu.

Amayi anagwira pakamwa. "Amayi anga ine," anatero, motsitsa mawu ngati tili m'tchalitchi.

Masana ake batire inatha, ndiye ndinapalasa njinga kupita pa Nsaru, ku shopu ya bambo ena achisilamu kumene timatchajitsa mafoni. Ndinawapeza atseka, apita kukaswali, ndinadikira, kenaka ndinawafotokozera nkhani yonse mpaka anachita kundiuza kuti ndipume kaye. Pobwerera dzuwa litapendeka, m'katoni mulibe kanthu. Ndinathamangira kwa amayi.

"Ali kuchipinda kwanga," anatero amayi. "Alendo sagona pa chiguduli chonunkha fodya."

Anali atatenga beseni lawo latsopano, lija sankalola munthu kutsukiramo ngakhale supuni. Analitsuka ndi sopo, pansi n'kuyala mpango wawo wa ku ukwati, wonyezimira, woterera ngati sopo yemweyo. Mabotolo anga anawaika m'mbali mwaulemu. Kunena zoona munkakongola. Ndinajambula, n'kuika pa sitetasi, anzanga mpaka kumafunsa kuti ndi hotela yanji.

Kutacha, ena onse akuyendayenda, akuterereka n'kumadzukanso. Koma kakameta kali chafufumimba, chifuwa pansi, mwendo wina uku wina uko ngati chule. Kakafuna kudzuka, miyendo imangopalasa mpango. Anzake ankakapondaponda popita kumadzi, iko osafikako. Kulira kwake, eee, ndikukumvabe mpaka lero.

Abambo anakanyamula, n'kukatembenuza, n'kupukusa mutu. Sananene mwankhanza ayi.

"Amake ana, kotere sikakhala. Kangovutika. Ndipatseni ndikathane nako kuseri, inu musaone."

Amayi anangotambasula manja awiri, abambo n'kukabwezera mmenemo.

Ine pachulu! Ndinalemba Chingerezi chothyokathyoka, kufufuta, kulembanso, mpaka ndinaona chithunzi cha mwanapiye wogona chimodzimodzi. Anafotokoza kuti mwanapiye akangoswedwa miyendo imakhala yanthete, ndiye akaima poterera, zala zikasowa pogwira, imatseguka n'kuzolowera choncho. Ukachedwa imauma momwemo. Poterera. Ndinatsika pachulu pang'onopang'ono, ndikuganiza za beseni ndi mpango. Ndikawauza bwanji amayi?

Sindinawauze. Ndinangoti, "Amayi, foni ikuti beseni limazizira, tiwabwezere m'katoni." Anandiyang'ana kanthawi, kenaka anatola anapiye mmodzimmodzi n'kuwaika pa chiguduli. Mpango anaupinda n'kukausunga.

Mankhwala ake akuti ndi kumanga timiyendo tiwirito kuti tiyandikane, tiime pansi pa thupi. Mu vidiyo ankagwiritsa pulasitala wa pabala, ife tinalibe. Ndinadula mphira wa tchubu cha njinga, amayi anandilanda.

"Ufuna kukadula miyendo? Tadikira."

Anatulutsa ulusi wawo wolukira tizipewa ta makanda a kumpingo, wofewa, wachikasu. Foni ndinaitsamiritsa pa mtondo, tonse tagwada pakhonde. Ndinayamba kumanga ine, koma ulusi unkangondipulumuka, kamwendo n'kochepa ngati kamtengo ka machesi. Pomwepo vidiyo inaima, bandulo yatha. Ndinatsala pang'ono kulira.

"Anati mpata wake ukhale bwanji?" anafunsa amayi.

"Ngati mmene kakanaimira kokha. Osathina, magazi aziyenda."

"Basi. Iwe gwira mutu, ndipo usiye kuyankhula."

Anazunguliza ulusi mwendo uwu, n'kuyesa mpata ndi chala chawo, n'kuzunguliza winawo, mfundo yaing'ono pakati. Nthawi yonseyo akukayankhula ngati khanda la pasikelo. "Pepa, pepa, mayi. Tatsala pang'ono. Usandikwiyire." Titakaimika, kanagwa chamutu. Kukaimikanso, kugwanso.

Ndinakumbuka kuti ena amakaika m'kapu kuti kazitsamira m'mbali miyendo ili pansi. Makapu athu anali aakulu, kankangogweramo. Abambo, amene ankaoneka ngati akusoka chikwama cha fodya osatiyang'ana, anadzuka, analowa m'nyumba, n'kubwera ndi kapu yawo ya tiyi, yaing'ono ija palibe amaigwira.

"Kakanyeramo mundigulira ina," anatero, n'kubwerera ku ntchito yawo.

Kanakwanamo ndendende. Kamutu kokha kali pamwamba, khosi lometa lija likutembenukira uku ndi uku ngati bwana ali m'galimoto.

Masiku otsatirawo ntchito inali imeneyo. Amayi ankaviika chala m'madzi n'kudonthezera pa kamlomo, misere ankaipera kawiri. Kakatopa m'kapu ankakatulutsa n'kukafunditsa pachifuwa pawo, mkati mwa bulauzi, iwo akusankha nyemba. M'mawa uliwonse tinkamasula ulusi, kuona ngati sunadye khungu, n'kumanga wina. Ine ntchito yanga inali kukaimika pa chiguduli n'kukatchinga ndi manja. Poyamba kankangogwa. Kenaka kanaima, kakunjenjemera. Kenaka kanayamba kudumpha ndi miyendo yonse pamodzi ngati ana a mpikisano wa m'matumba, ndipo abambo anaseka mpaka kutsokomola.

Amayi a kumpingo atabwera kudzafunsa chifukwa chake sanaoneke ku msonkhano wa Lachinayi, amayi anawayankha ndi nkhope yowongoka kuti pakhomo pali matenda.

Tsiku lochotseratu ulusi, amayi anati ndidule ine, iwo manja alibe mphamvu. Ndinadula ndi lezala. Kanaima. Kanaponya mwendo umodzi, n'kugwa chambali, ine n'kutambasula dzanja. Amayi anandigwira mkono kuti ndisakathandize. Kanapalasa chiguduli, zala zinagwira, kanadzuka kokha. Kanayenda, mopotoka pang'ono ngati munthu wotsika minibasi atakhala mopanikizika, mpaka kukafika pa mbale ya misere. Kumeneko kanajompha mkulu wake pamutu kuti asunthe.

Ine ndinalumpha, ndinakuwa, ndinaiwala ngakhale kujambula. Amayi ankapota kaulusi kodulidwa kaja pa chala, kenaka anandifunsa.

"Linali beseni langa lija, eti?"

Ndinafuna kunama kachiwiri, koma anali akundiyang'ana m'maso.

"Enawa anagonanso momwemo, amayi, taonani ali bwinobwino. Aka kanabadwa kofooka."

"Ndinkafuna kagone pabwino," anatero.

"Ndikudziwa."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kuwerama kuthira misere ina pafupi ndi pomwe kanaima, kuti kasayende mtunda wautali tsiku loyamba.