Anabwera Kudzapumitsa Mayi Uvuni

Chinthu chimodzi cha mayi amene uja sindinachimvetsepo, ndipo ngakhale mwamuna wake sanachimvetse: iye mwini sankadya zotsekemera. Tiyi ankamwa wopanda shuga. Koma tchuthi chakumapeto kwa chaka chikayandikira, khitchini yake inkasanduka fakitale ya mabisiketi, mpaka mumsewu monsemo anamutcha Mayi Uvuni. Sankagulitsa ayi. Ankangophikira abale a mwamuna wake, anthu ochuluka ndiponso a mano olimba.

Mwamunayo anali wokonza mawailesi. Anali ndi kashopu pansi pa masitepe a nyumba ina yosanja, ndipo ankakhala mmenemo tsiku lonse khutu lili pa sipika, kumvetsera madandaulo a mawailesi a eni. Anali munthu wofatsa, wosadziwa kukana. Munthu akabweretsa wailesi imene inafa kalekale, iye ankangoti, "Tiona, bwana," n'kuiika pashelefu pamodzi ndi mitembo inzake. Kunyumba kwake chitseko cha uvuni chinaguluka mbali imodzi chaka chimene anakwatira, ndipo nachonso anachiuza kuti tiona. Chinali chisanaonedwebe. Pophika, munthu ankayenera kukhala pakampando n'kutsamira chitsekocho ndi msana, thaulo lopinda lili pakati, kuti kutentha kusathawe.

Umu ndi mmene Mayi Uvuni ankagwirira ntchito yake. Ankakanda ufa m'beseni, kuufutukula ndi botolo, kuudula ndi kukamwa kwa tambula, kenako kukhala pakampando paja ngati mlonda wa pachipata. Wotchi sankaiyang'ana. Mphuno ndiyo inkamuuza kuti zapsa.

Chaka chimenechi anali ndi pakati, mimba yoyamba pambuyo pa zaka zambiri za kudikira ndi kuyankha mafunso a abale. Masiku anali atayandikira. Mapazi anatupa, msana unkawawa, ndipo mphuno yokhulupirika ija inamupandukira: akangomva fungo la majarini wosungunuka, mseru unkamugwira pomwepo. Chipinda chaching'ono, chimene chaka ndi chaka chinkadzaza alendo, anachikolopa, anapachikamo makatani achikasu, n'kuikamo kabedi ka mwana. Madzulo ankakonda kukhala mmenemo yekha, osachita kanthu.

Tsiku lina m'mawa, akumwa tiyi, anapempha chinthu chimodzi.

"Bambo, chaka chino sindiphika. Ndipo m'chipinda chija simugona munthu wa mano. Muwauze amayi anu."

"Ndiwauza."

"Osati zija za tiona."

"Ndati ndiwauza, mayi."

Ananenadi ndi mtima wonse. Atafika kushopu anaimba foni, mawu akuti musabwere ali okonzeka pamilomo. Koma mawuwo anaona kuti ngamaliseche, choncho anayamba kuwaveka ulemu. Anawaveka, anawavekanso, mpaka mawu enieniwo anasowa m'zovala.

"Amayi, mpongozi wanu uja watopa kwambiri. Akufunika kupuma, phokoso lichepe."

"Watopa? Ndiye iwe ukundiuza lero? Mutu umodzi susenza denga, mwanawe. Tikubwera tidzamupumitse."

Anabwera msanga kuposa zaka zonse: apongozi, mlamu wamkulu amene anali mphunzitsi, ndi mlamu wamng'ono amene dzanja lake linamerera pa foni. Aliyense anali ndi chikwama, ndipo pamwamba pa chikwama chilichonse panali chitini chopanda kanthu, chotsukidwa bwino lomwe. Amati mlendo ndi mame, koma mame amenewa anabwera ndi matiresi. Pofika madzulo anali atakhazikika m'chipinda chaching'ono, ndipo kabedi ka mwana anakapeza kothandiza kwambiri poikamo zikwama.

"Usagwire kanthu, mwanawe," anatero apongozi. Anamulanda tsache n'kuliimika pakona, ndipo linakhala pomwepo popanda wolisokoneza tchuthi chonse.

Tisawanamizire, anayesa kuphika okha. Mlamu wamkulu anakanda ufa akufotokoza mmene ufa umakandidwira. Mlamu wamng'ono anapatsidwa kampando, koma foni ikalira ankadzuka, chitseko n'kugwa. Zimene zinatuluka mu uvuni zinali zakuda pansi, zaziwisi pamwamba, ndipo apongozi ataluma imodzi anafufuza ndi lilime ngati mano onse alipo.

Nzeru inachokera kwa apongozi omwewo.

"Koma inu, ntchito ya pachitsekoyi si yokhala pansi? Nanga munthu wotopa amafuna chiyani? Bwera, mwanawe, dzakhale apa upume. Zinazo tichita ife."

Mayi Uvuni anayang'ana kampando, anayang'ana apongozi, kenako anamanga mpango pamphuno n'kukhala. Popeza anali atakhala kale, mlamu wamkulu anaona kuti palibe vuto kumuika beseni pamiyendo kuti angokonzako mtandawo pang'ono. Popeza manja anali atada kale ndi ufa, anamukankhira tebulo pafupi, botolo ndi tambula zili pomwepo. Alamu anapita pabalaza kuti asamusokoneze pa kupuma kwake.

Wamawailesi pobwera madzulo anapeza nyumba yonse ikununkhira ngati kale, zitini ziwiri zitadzaza, mkazi wake ali pakampando maso okha akuoneka pamwamba pa mpango. Masowo sanawapirire. Anagwada n'kuyamba kuyang'anitsitsa pamene chitseko chinaguluka.

"Apa mpongofunika sikulu imodzi yomangira chitsekochi. Mawa ndibweretsa zipangizo."

"Ndinakupemphani za chitseko kodi?"

"Ayi, mayi."

"Ndinakupemphani chiyani?"

"Ndiwauza. Ndikungofuna mpata wabwino."

"Mpata mukuufunawo ufika mwana atayamba sukulu."

Masiku otsatirawo anawathera kushopu akuyeserera. Ankaimirira patsogolo pa shelefu n'kuuza mawailesi akufa aja kuti, "Amayi, tchuthi chikatha mubwerere kwanu. Chipinda chija n'cha mwana. Mkazi wanga si uvuni." Mawailesi sankatsutsa, ndipo iye ankatseka shopu akudzimva kuti ndi mwamuna. Koma akafika pakhomo, amayi ake ankamulandira ndi bisiketi yotentha, ndipo munthu wophunzitsidwa bwino salankhula chakudya chili m'kamwa.

Tsiku lalikulu la tchuthi, pachakudya chamasana, onse anakhala patebulo kupatula Mayi Uvuni. Thireyi yomaliza inali mu uvuni, choncho iye anadyera pakampando, mbale ili pamwamba pa mimba, chitseko cha khitchini chili chotsegula kuti asamve ngati wasalidwa. Atatha kudya, apongozi anapukuta pakamwa n'kuyamba kuyamikira.

"Ine ndayenda, ndaona akazi. Koma ngati uyu palibe. Anzake zikafika apa amangogona, kufuna kubweretseredwa madzi pabedi. Uyu ayi. Sadandaula, satopa, sayankha. Mwana wanga anatola mwayi."

"Zoona, amayi," anatero mlamu wamkulu. "Ine ndimauza atsikana kusukulu za iyeyu."

"Alamu, tayang'anani kuno ndikujambuleni," anatero wamng'ono. "Koma chotsani kampangoko, mukuoneka ngati wakuba."

Chitamando chili ngati goli lopakidwa mafuta. Pakhosi silikhula, koma ngolo imakhala yomweyo, ndipo kawirikawiri wotamandayo amakhala akuwonjezeramo katundu.

"N'chifukwa chake ndaganiza," anapitiriza apongozi, "kuti ine sindibwerera. Ndikhala konkuno mpaka abereke, ndiponso mpaka mwana akhwime khosi. Khanda silifuna chipinda, ligona ndi amake. Ndipo ukwati wa mlamu wakoyu suli kutali. Ukadzangotsitsa katunduyo udzapepukidwa, ndiye mabisiketi a alendo tisavutike kufuna kwina."

Mayi Uvuni anaika supuni pansi. Sanayang'ane apongozi. Anayang'ana mwamuna wake kudzera pakhomo la khitchini, ndipo sanaphethire.

Wamawailesi anaimirira. Anakonza kolala, anatsokomola. Mawu onse aja a kushopu analipo, anawamva akukwera pakhosi mwadongosolo. Amayi ake anamuyang'ana mwachikondi, mutu utapendekeka, monga ankachitira iye ali mwana akamalakatula ndime za pamtima.

"Amayi," anatero, "ife m'nyumba muno... ine ndi mkazi wanga timati... tikuthokoza kwambiri."

Anakhala pansi. Alamu anaomba m'manja.

Kukhitchini kunamveka chitsulo chikugwa. Mayi Uvuni anali atadzuka pakampando, ndipo chitseko cha uvuni chinali chitayasama. Anamasula mpango, anaupinda, anauika patebulo. Analowa m'chipinda chaching'ono, anasuntha katundu wa alamu, n'kutulutsa chikwama chimene anachilongedza kale chodikira tsiku lake. Nsapato zake zinali zitasiya kumukwana, choncho pakhomo anavala masilipasi a mwamuna wake.

"Yayamba kodi?" anafunsa apongozi akudzuka.

"Ayi, amayi, sinayambe. Khalani, mupume."

Anatuluka pang'onopang'ono, dzanja limodzi lili m'chiuno. Mwamuna wake anamutsatira ndi masokosi okha, ndipo posadziwa chochita anamulandira chikwama n'kumunyamulira mpaka kumsewu. Takisi inali kubwera, mkaziyo anaiimitsa.

"Mayi, ndikalowa ndikawauza. Pompano."

"Kawauzeni. Si ine ndakuletsani."

"Nanga mukupita kuti? Kuchipatala?"

"Ayi."

"Kwa achemwali anu?"

"Kumeneko mukanditsatira ndi zitini."

"Ndiye amayi akandifunsa ndikati chiyani?"

"Mukati simukudziwa. Kamodzi kokha mukawauze zoona."

M'nyumba munamveka mawu a mlamu wamkulu akufunsa ngati thireyi ija itulutsidwe kapena ayi, ndiponso ndani akudziwa. Woyendetsa takisi anaika chikwama kumbuyo, anathandiza mayiyo kukwera, n'kutseka chitseko mosamala. Mayi Uvuni anatsitsa galasi, anapuma mpweya wa kunja mokoka, kenako anawerama n'kunong'oneza woyendetsa uja mawu amene mwamuna wake sanawamve.

Pamphambano ya kumapeto kwa msewu, njira ya kuchipatala imakhotera kumanja, ya kwa achemwali ake kumanzere. Takisi inawongoka.