Magetsi Amene Amalume Anakana

Fakitale ya nsalu ku Kafue itagulitsidwa, Shadreck anachotsedwa ntchito pamodzi ndi anzake ambirimbiri. Anzakewo anayamba kugulitsa salaula, zovala zovalidwa kale. Iye anagona n'kuyang'ana kukhoma, osalankhula, kenako osadya.

Mkazi wake Ennie anayesa zonse. Mapiritsi anasinthidwa kangapo, osaphula kanthu. Achinyamata a tchalitchi china ku Nangongwe anabwera kudzamufuulira m'khutu kuti chiwanda chituluke. Anansi ankati ndi ulesi. Ulesi wanji woondetsa munthu mpaka nthiti kuwerengeka? Zimandipsetsa mtima mpaka lero.

Dokotala wa ku Lusaka sanabise mawu. Anati ndi matenda a maganizo amene akana mankhwala, ndipo Shadreck akapitiriza kukana chakudya, afa. Chotsala chinali chithandizo cha magetsi: kumugoneka tulo ndi jekeseni, n'kudutsitsa mphamvu yochepa mu ubongo. Koma wachibale avomereze kaye.

Apa m'pamene anatulukira a Mabvuto, amalume ake a Shadreck, amene chidwalire cha mwana wa mlongo wawoyo sanabwerepo ngakhale ndi nthochi imodzi. Kwawo kum'mawa mwini wodwala ndi malume, mkazi ndi mlendo.

"Mufuna kumuocha bongo monga nsomba?" anakalipa a Mabvuto. "Iwe ndiwe mukazi chabe. Akafa, mulandu ni wako."

"Ba malume, akafa na njala pa bedi, mulandu uzankala wa ndani?" anayankha Ennie. "Nine nimamusambika. Navomela."

Achibale anasiya kumupatsa moni. Ennie sanabwerere m'mbuyo. Ankakwera minibasi ndi mwamuna wake kupita ku Lusaka, wodwalayo n'kumabwerako mutu ukuwawa, zina ataiwala. Maulendo oyamba sanasinthe chilichonse.

Tsiku lina masana Ennie anamuikira nshima monga mwa masiku onse, osayembekezera kanthu. Shadreck anatema, anasunsa, natafuna.

"Ennie, kapenta iyi ilibe mucele."

Ennie anadzigwetsa pansi n'kulira mokweza, mpaka anansi anathamangira poganiza kuti kwagwa maliro. Anapeza malirowo akunyambita zala.

Lero Shadreck amakonza njinga za ogulitsa nsomba a ku Chanyanya, ndipo mankhwala ake akumwabe. A Mabvuto, opanda manyaziwo, amauza anthu kuti ndiwo anamupititsa ku Lusaka.

Inu amene muli ndi wodwala wotere pakhomo, musamvere oweruza amene sanamugwirepo ngakhale dzanja. Mapiritsi akalephera, bwererani kwa dokotala mukafunse chotsala. Munthu akadapuma, musamutayire mtima.