Tsiku limene ndinagwada ku Maddington

Za ntchitoyi anandiuza ndi mayi wina wa kutchalitchi kwathu ku Bentley, kuno kunja kumene ndikukhala. Anati a zaumoyo akufuna namwino woti azithamangira anthu amene mutu wawasokonekera, m'malo motumizako apolisi. Ndinali nditangomaliza maphunziro, ndipo kwathu kumene ndinachokera ndinazolowera kuti wodwala wotere amafika kuchipatala abale atamumanga kale. Zomulondola kunyumba chimanjamanja sizinkandilowa m'mutu.

Tinkayenda awiri pagalimoto yopanda chizindikiro. Zida zathu zinali wailesi, fomu yoyezera ngati munthu angadzivulaze, mabotolo a madzi, ndi kabatani kovala m'khosi koitanira apolisi. Mkulu wanga wa kuntchito, Karen, anandiphunzitsa mwachidule: "Usatseke khomo. Usakhale pansi wodwala ataimirira. Ukaona chida, dina batani."

Mwezi wachiwiri, masana dzuwa likuswa mtengo, anatitumiza ku Maddington. Mayi wina anaimba kuti amuna ake abwera kuchokera kumgodi, atha masiku anayi osagona, ndipo akuphwanya zinthu m'galaja. Titafika, ndinawazindikira bambowo. Anali a Phiri, amkulu a mpingo wathu, amene anandilandira pabwalo la ndege nditangofika m'dziko lino. M'manja anali ndi hamala.

Karen anawaitana ndi dzina lawo loyamba, monga amachitira kuno. Sanamuyang'ane n'komwe. Anayang'ana ine.

"Mwana wanga, nawenso wabwera kudzandimanga?"

"Batani," Karen anandinong'oneza.

Chala chinali pabatanipo. Ndidine, apolisi adzawagwetse pansi akazi awo akuona? Ndisadine, bwanji akatigenda nayo hamalayo? Sindinasankhe chilichonse. Ndinangozindikira ndagwada pasimenti yotentha, monga ndimachitira polankhula ndi akuluakulu.

"Ayi bambo. Ndamva kuti simukugona, ndiye ndabwera kudzakuonani."

A Phiri anati, "Dzuka, uwononga yunifolomu." Anaika hamala pashelefu kuti andidzutse ndi manja onse awiri. Anamwa madzi, nayamba kulira. Tinadzaza fomu atakhala pampando, ndipo anavomera kupita nafe kuchipatala.

Pobwerera Karen anati, "Wachita bwino kwambiri. Usadzachitenso." Ndinamufunsa kuti nditenge chiti pa ziwirizi. Anati zonse. M'lipoti analemba kuti ndinaphwanya lamulo, ndipo ndinasainira chifukwa zinali zoona.

Patatha milungu itatu a Phiri anabweranso kutchalitchi. Anandipatsa moni ngati sipanachitike kanthu, inenso ndinayankha chimodzimodzi. Lamulo la chinsinsi cha wodwala limanditseka pakamwa ngakhale kwa amuna anga.

Mpaka lero sindidziwa ngati ndinapulumutsa munthu kapena ndinangochita mwayi. Batani ndalidinapo kangapo kuchokera tsiku lija, ndipo sindinagwadirenso wodwala. Chimene ndinasunga n'chakuti ndisanayang'ane zimene munthu wagwira m'manja, ndimayamba ndamufunsa kuti anagona liti komaliza.